Thesis ikuyandikira koma akuti ndimangofotokoza za ena, ndiyambire pati?

Nthambi_3
Moni nonse. Ndili chaka chachitatu, ndipo semesita ikubwerayi tiyamba proposal ya thesis. Ma assignment anga amabwerera ndi ndemanga imodzimodzi, yoti ndangofotokoza zimene ena analemba koma maganizo anga sakuoneka. Kuwerenga ndimawerenga ndithu, ma reference ndimaika, Chingerezi changanso si choipa. Ndikafunsa kuti ndisinthe chiyani, amangoti ndizisanthula mozama. Amene munadutsamo, luso limeneli munaliphunzira bwanji? Ndikufuna ndigwiritse ntchito tchuthi chino. Mutu umene ndikuuganizira ndi wa mafoni ndi maphunziro a ophunzira a ku yunivesite.

Tsabola
Pitani ku laibulale mukatenge ma thesis a amene anamaliza pa dipatimenti yanu. Mukawerenga atatu kapena anayi mudziwa zimene amafuna.

Gogo_wa_Laibulale
A Tsabola, malangizo anuwo ndikugwirizana nawo theka. Ma thesis amene timasunga amaonetsa kasanjidwe ka machaputala, kutalika kwa ntchito ndi kalembedwe ka ma reference. Koma pachikuto sipalembedwa kuti uyu anakhoza bwino kapena anangodutsa movutikira. Ophunzira ambiri amatengera zolakwika za amene anawatsogolera, poganiza kuti chilichonse chokhala pa shelefu ndi chabwino. A Nthambi, pemphani mphunzitsi mmodzi wa pa dipatimenti akutchulireni thesis imene iyeyo anakhutira nayo, muwerenge imeneyo.

Kenako sankhani nkhani ziwiri za m'ma journal zokhudza mutu wanu, iliyonse muiwerenge kawiri. Koyamba werengani kuti mumve zimene anapeza. Kachiwiri iwalani kaye za mafoni, muziona ntchito imene ndime iliyonse ikugwira, n'kumalemba m'mphepete ndi pensulo: apa akuonetsa kuti nkhaniyi ndi yofunika, apa akutsutsa mnzake, apa akuvomereza malire a njira yake. Katswiri wa zinenero John Swales anaphunzira mawu oyamba a nkhani zambiri za kafukufuku, ndipo mu 1990 anafotokoza kuti olemba ambiri amayenda masitepe atatu. Amayamba ndi kuonetsa zimene zikudziwika kale ndi kufunika kwake, kenako amaloza pamene pali mpata kapena kusagwirizana, pomaliza amanena mmene kafukufuku wawo alowere pampatapo. Njirayi imatchedwa CARS, chidule cha Create a Research Space, kutanthauza kupezera kafukufuku wako malo. Mukangoiona kamodzi, muziizindikira pafupifupi m'nkhani iliyonse, ndipo chaputala chanu choyamba chidzafuna zomwezo.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndemanga imene mukulandirayo inenso ndinkailemba kawirikawiri pochonga, ndiye ndiyese kuimasulira. Tengani assignment yanu yomaliza, muone mawu oyambirira a ndime iliyonse. Ngati ndime zambiri zikuyamba ndi dzina la wolemba wina ndi chaka, matenda ali pamenepo. Ndime yoyamba ndi dzina la munthu imakhala ya munthuyo, inu mwangoinyamula.

Tiyerekeze ndi mutu wanu womwewo. Mwawerenga nkhani zitatu. Yoyamba ikuti ophunzira okhalitsa pa foni amapeza magiredi otsika. Yachiwiri sinapeze kusiyana kwenikweni. Yachitatu ikuti zimadalira chimene munthu akuchita pa foniyo. Wofotokoza chabe amalemba ndime zitatu, imodzi ya aliyense, n'kupita patsogolo. Wosanthula amaima n'kufunsa: n'chifukwa chiyani anthu atatuwa sakugwirizana? Akabwerera ku gawo la njira zofufuzira, mwina apeza kuti woyamba anafunsa ophunzira kuti anene okha maola amene amakhala pa foni, pamene wachiwiri anatenga manambala amene foniyo imasunga. Zimene anthu amakumbukira ndi zimene foni yalemba nthawi zambiri sizifanana. Ndiye ndime yanu iyamba ndi mfundo yanu, yoti zotsatira zikusiyana malinga ndi mmene nthawi ya pa foni inayezedwera, ndipo olemba atatu aja abwera pambuyo ngati mboni. Zotsatira zonse zikhoza kukhala zochokera kwa ena, koma kulumikiza kwakeko ndi kwanu. Kusanthula kumene akukuuzaniko ndi kumeneku.

Chida chimene ndinkapatsa ophunzira anga ndi tebulo. Mzere uliwonse ukhale nkhani imodzi. Madanga ake akhale wolemba ndi chaka, funso lake, anthu amene anawafufuza, njira yake, zimene anapeza, zofooka zake, ndipo danga lomaliza likhale la maganizo anu. Mukadzaza mizere khumi, werengani tebulolo motsika m'danga limodzi, osati mopingasa. Apo m'pamene mumaona amene akugwirizana ndi amene akutsutsana. Literature review imachokera m'kuwerenga kotsikako.

Nthambi_3
Zikomo kwambiri bambo. Ndangoyang'ana assignment yanga, ndipo ndi momwemo, pafupifupi ndime zonse zikuyamba ndi dzina. Ndiye ndiyambe kulemba pano, kapena ndiwerenge kaye mpaka ndidziwe mutu bwinobwino?

Chiphaliwali
Werengani kaye. Kulemba usanadziwe kanthu n'kutaya nthawi, zonsezo mudzazifufuta.

Mwana_wa_Labu
Ayi a Chiphaliwali, apo ndakana. Tsiku loti munthu anene kuti tsopano ndawerenga zokwanira silifika. Nkhani iliyonse imakutumiza ku zina zisanu. Ine supervisor wanga anandilamula kuti ndikamaliza nkhani iliyonse nditseke fayilo, ndilembe ndime imodzi ya zimene ndamva osayang'anamo, kenako nditsegule n'kufananiza. Pamene ndalephera kulemba, m'pamene sindinamvetse. Ndikungowerenga sindinkadziwa zimenezo, ndinkaona ngati zonse zalowa. Ubwino wina ndi woti mawu amatuluka ali anga, choncho nkhawa ya plagiarism, kutenga ntchito ya wina ngati yako, imachepa.

Chiphaliwali
Zimenezo ndi manotsi. Ine ndimanena za kulemba machaputala.

Mwana_wa_Labu
Manotsi amenewo ndi amene anasanduka chaputala chachiwiri. Kufufuta si kutaya nthawi. Palibe amene amapereka zimene analemba ulendo woyamba.

Chiphaliwali
Chabwino, koma ndaonapo anthu atalemba masamba ambiri pa mutu umene supervisor anadzaukana. Mwina tigwirizane apa: manotsi ayambe lero, machaputala adikire funso livomerezedwe.

Mvula_Yoyamba
Palibe amene wanenapo za mutu wa a Nthambi. Mafoni ndi maphunziro si funso, ndi dera. Mafoni kuchita nawo chiyani? Ophunzira ati? Maphunziro muwayeza ndi chiyani, magiredi, kupezeka m'kalasi, kapena maola owerenga? Ngati palibe funso, palibenso choti musanthule, ndipo n'chifukwa chake munthu amathera pa kufotokoza. Yesani kulemba chiganizo chimodzi chothera ndi chizindikiro cha funso, chimene yankho lake simukulidziwa, chimenenso mungathe kuchiyankha ndi nthawi ndi zipangizo zimene muli nazo. Thesis ya digiri yoyamba sifunika kusintha dziko. Ifunika kuonetsa kuti mungafunse funso laling'ono n'kuliyankha moona mtima.

Kadzidzi
Pepani ndilowerere. Ma reference mumawasunga bwanji? Ine ndimalemba pamanja mu Word ndipo zikundisokoneza.

Gogo_wa_Laibulale
Ikani Zotero lero lomwe. Ndi yaulere, inayambira ku George Mason University mu 2006. Mumaika kachidutswa kake mu browser, ndipo mukapeza nkhani mumadina kamodzi, iyo imasunga wolemba, chaka, mutu ndi DOI, nambala yapadera yozindikirira nkhaniyo pa intaneti. Imalumikizananso ndi Word, LibreOffice ndi Google Docs, moti mndandanda wa kumapeto imakupangirani yokha. Chenjezo langa ndi limodzi: imasunga zimene yapatsidwa. Ngati tsamba limene mwatengapo linalakwitsa dzina kapena chaka, cholakwikacho chilowa mu thesis yanu. Muziona chilichonse pa nthawi imene mukuchisunga.

Tsabola
Mendeley ndi yabwinonso.

Mwana_wa_Labu
Imagwira ntchito, ndi ya Elsevier, kampani yosindikiza ma journal, kuyambira 2013. Chachikulu n'kusankha imodzi osasinthasintha pakati pa ntchito.

Kadzidzi
Nanga APA ndi Harvard zimasiyana pati? Kwa ine zimaoneka zofanana.

Gogo_wa_Laibulale
Zonse zimaika dzina ndi chaka m'kati mwa chiganizo, n'chifukwa chake zimafanana. Kusiyana kwake n'koti APA ili ndi mwini wake, American Psychological Association, ndi buku limodzi la malamulo. Mtundu wachisanu ndi chiwiri unatuluka mu 2019. Mu mtundu umenewu, olemba akakhala atatu kapena kuposa mumalemba dzina la wolemba woyamba ndi et al. (kutanthauza "ndi ena") kuyambira ulendo woyamba womwe, mzinda wa wosindikiza buku sulembedwanso, ndipo mawu ogwidwa okwana 40 kapena kuposa amaima paokha ngati ndime yolowera m'kati, opanda zizindikiro zogwira mawu. Harvard ilibe buku limodzi lotere, yunivesite iliyonse ili ndi mtundu wake, choncho tsatirani kabuku ka pa dipatimenti yanu osati zimene mwapeza pa intaneti. A zachipatala ambiri amagwiritsa ntchito Vancouver ya manambala, a uinjiniya IEEE. Funsani musanayambe.

Dzuwa_Lawala
Popeza tafika pa za kompyuta, sungani ntchito yanu malo awiri kapena atatu. Mnzanga wa m'kalasi laputopu inamufera atatsala pang'ono kupereka, ndipo zonse zinali momwemo. Anachita kuyambiranso kuchokera pa mapepala amene supervisor anachongapo. Flash yokha si yokwanira, imatayika. Ikaninso pa Google Drive kapena muzidzitumizira pa imelo, ndipo dzina la fayilo lizikhala ndi deti.

Kadzidzi
Zoona. Komanso mafayilo a data, osati machaputala okha.

Chiphaliwali
Ine vuto langa lalikulu silinali kompyuta, anali supervisor. Umatumiza chaputala, mwezi umatha osayankhidwa.

Mphunzitsi_Wopuma
Zimachitika, ndipo sindikuikira kumbuyo aliyense. Koma ndikuuzeni mmene zimaonekera mbali inayo. Mphunzitsi mmodzi amakhala ndi ophunzira angapo, makalasi ndi zochonga. Uthenga woti "onani chaputala changa" wokhala ndi masamba ambirimbiri umadikira tsiku limene adzapeze nthawi yaitali. Uthenga wa masamba atatu wokhala ndi funso lenileni, monga lakuti kodi mpata umene ndaloza pa ndime yachitatu ukumveka, umayankhidwa msanga. Mukakumana, lembani zimene mwagwirizana n'kumutumizira tsiku lomwelo, pamodzi ndi deti la kukumana kotsatira. Zikakanika ndithu, pa dipatimenti pamakhala woyang'anira ma thesis onse. Kupita kwa iyeyo mwaulemu si kuneneza munthu.

Fulu_Wodekha
Tibwerere kwa a Nthambi. Chimene chinandithandiza ine ndi kusiya mawu akuluakulu. Ndinkaona anzanga akulemba ziganizo zotalika mizere isanu poganiza kuti ndiye ukatswiri. Wochonga amafuna kumva mfundo. Chiganizo chimodzi chinyamule mfundo imodzi, ndime imodzi ikhale ndi nkhani imodzi. Liwu limene mwasankha kutchulira chinthu, likhale lomwelo mpaka kumapeto. Kusukulu ya sekondale tinaphunzitsidwa kusinthasintha mawu kuti nkhani ikome, koma mu thesis mukasintha liwu, wowerenga amaganiza kuti mwasinthanso chinthu chimene mukunena. Werenganinso ntchito yanu mokweza. Pamene mpweya wakutherani musanafike pa mpumiro, dulanipo.

Pali tsamba la University of Manchester lotchedwa Academic Phrasebank, laulere. Lili ndi ziganizo zoyambira zosanjidwa malinga ndi ntchito yake: poyerekeza, potsutsa mwaulemu, ponena zofooka za kafukufuku. Limathandiza kwambiri amene Chingerezi si chinenero chawo choyamba.

Tsabola
Kutenga ziganizo pa tsamba limenelo si plagiarism?

Fulu_Wodekha
Ayi, ndi mafupa chabe opanda mfundo ya munthu, ndipo analikonzera ntchito imeneyo. Kungoti musadzaze nazo ndime iliyonse.

Kadzidzi
Pa za plagiarism pomwepo, ndinamva kuti Turnitin ikaonetsa pansi pa 20% ndiye kuti uli bwino.

Gogo_wa_Laibulale
Maganizo amenewa avulaza ambiri. Turnitin siweruza kuti munthu waba kapena sanabe. Imangoonetsa mawu amene akufanana ndi zolembedwa zina. Nambala ikhoza kukwera chifukwa cha mndandanda wa ma reference ndi mawu ogwidwa moyenera, munthu wosalakwa chilichonse. Ikhozanso kukhala yotsika kwambiri pamene ndime imodzi yonse yakopedwa popanda kutchula mwini wake, ndipo ndime imodziyo ndi mlandu. Mayunivesite ena amaika malire awo, ena saika, ndiye onani malamulo a kwanu. Koma lamulo lenileni ndi ili: mfundo ikakhala ya wina, mutchuleni, ngakhale mwaisintha mawu onse. Mukatenga mawu ake enieni, ikani zizindikiro zogwira mawu ndi nambala ya tsamba. Kusintha liwu limodzilimodzi chiganizo chili chomwecho si kulemba m'mawu anu. Ndipo ngati nkhani simunaiwerenge nokha koma mwaiona itatchulidwa ndi wina, nenani choncho, kapena ifunefuneni muiwerenge.

Chiphaliwali
Nanga ChatGPT bwanji? Tisanamizane, aliyense akuigwiritsa ntchito.

Mwana_wa_Labu
Si aliyense. Komanso imapeka ma reference. Imakupatsa dzina la wolemba, chaka, journal, zonse zooneka bwino, ukafufuza nkhaniyo kulibe.

Chiphaliwali
Pa ma reference ndavomera. Koma kukonza galamala kapena kufotokozera mfundo yovuta, cholakwika n'chiyani?

Mphunzitsi_Wopuma
Choyamba ndi malamulo a yunivesite yanu. Kuyambira pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, mayunivesite akhala akulemba malamulo osiyanasiyana, ena amalola pa zinthu zina bola unene poyera, ena amaletsa. Werengani anu, ndipo funsani supervisor. Chachiwiri ndi chimene chikundikhudza kwambiri pa nkhani ya a Nthambi. Iwo akufuna kuphunzira kusanthula. Ntchito yolimbana ndi olemba atatu osagwirizana ija, mpaka utapeza chifukwa chake, ndiyo imamanga luso. Mukaipereka kwa makina, ndime ituluka yosalala koma inu mutsala pomwe munali. Ndipo tsiku loteteza thesis pamaso pa aphunzitsi, funso loyamba limakhala loti n'chifukwa chiyani munasankha njira iyi osati inayo. Amene analemba yekha amayankha ngakhale akunjenjemera.

Mvula_Yoyamba
Ndiwonjezere za kopeza nkhani. Pa Google Scholar, pansi pa nkhani iliyonse pali malo oonetsa amene anaitchula pambuyo pake. Mukapeza nkhani imodzi yabwino, mndandanda wake wa ma reference ukubwezerani m'mbuyo, malo amenewo akupititsani kutsogolo. Tsamba la DOAJ (Directory of Open Access Journals) lili ndi ma journal owerenga mwaulere amene anaunikidwa. Samalani ndi ma journal amene amasindikiza chilichonse bola wolemba walipira, opanda akatswiri ounika. Mukakayika, funsani ku laibulale.

Gogo_wa_Laibulale
Ndipo bwerani ndithu. Ma database ambiri amene yunivesite imalipira, ophunzira amamaliza osawatsegulapo.

Tsabola
Funso lina: kodi n'zololedwa kulemba "I" mu thesis? Ife anatiletsa.

Fulu_Wodekha
Zimadalira phunziro ndi dipatimenti. Malamulo a APA amalola, ndipo amalimbikitsa kuti munthu anene yekha zimene anachita. Koma madipatimenti ena, makamaka a sayansi, amakondabe kuti wolemba asadzitchule. Tsatirani za kwanu. Chofunika kudziwa n'choti maganizo anu amaoneka ngakhale musanadzitchule. Amaonekera pa zimene mwasankha kuika patsogolo, ndi pa mneni amene mwagwiritsa ntchito. Kunena kuti wolemba waonetsa chinthu ndi kunena kuti wolemba akuganiza chinthu ndi ziweruzo ziwiri zosiyana.

Nthambi_3
Ndawerenga zonse, zikomo nonse. Zotero ndaika, tebulo ndayamba. A Mvula_Yoyamba, ndayesa kupanga funso. Nali: kodi kugwiritsa ntchito foni usiku kumachititsa kuti ophunzira a chaka choyamba azilephera mayeso?

Mvula_Yoyamba
Mwayenda mtunda wautali, tsopano tikudziwa nthawi ndi anthu ake. Koma mawu oti "kumachititsa" akuikani pamavuto. Ngati mudzagwiritsa ntchito mafunso olemba pa nthawi imodzi, chimene mungaonetse ndi choti zinthu ziwirizo zimayendera limodzi kapena ayi. Simungaonetse kuti china chikuyambitsa chinzake. Mwina amene maphunziro akuwavuta kale ndi amene amathawira pa foni usiku. Mwinanso pali chachitatu, monga nkhawa, chimene chikubweretsa zonse ziwiri. Komanso funso lanu layankha kale lokha, chifukwa mwaikamo kulephera. Funsani za ubale pakati pa ziwirizo, yankho lidzabwere ndi data.

Mwana_wa_Labu
Magirediwo mudzawapeza bwanji? Ndi zachinsinsi za munthu. Mudzafunika chilolezo cha komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, ndipo wophunzira aliyense avomere yekha atauzidwa bwino cholinga chake. Zimenezi zimatenga nthawi, ziikeni pa ndondomeko yanu kuyambira pano.

Mphunzitsi_Wopuma
Mfundo ya a Mwana_wa_Labu ndi yaikulu. Ngati magiredi avuta, ganizirani za tulo m'malo mwake. Pali mafunso oyezera tulo amene anayesedwa kale ndi akatswiri, monga Pittsburgh Sleep Quality Index ya mu 1989, ndipo kugwiritsa ntchito chida choyesedwa kale kumakupulumutsani ku mafunso ambiri pa tsiku loteteza. Onani kaye malamulo a chilolezo chogwiritsira ntchito chidacho. Za nthawi ya pa foni, mafoni ambiri masiku ano amasunga okha maola, pa iPhone ndi Screen Time, pa Android ndi Digital Wellbeing. Mukhoza kupempha wophunzira kuti ayambe wanena yekha maola amene akuganiza, kenako aone zimene foni yalemba. Mukatero mudzakhala ndi manambala awiri, ndipo kusagwirizana kwa olemba kumene tinakamba poyamba kuja mudzakuyesa ndi data yanu.

Chiphaliwali
Apo ndiye zakula kwambiri kwa munthu wa digiri yoyamba. Tulo, maola onena yekha, maola a mu foni. Asankhe chimodzi.

Mvula_Yoyamba
Funso lalikulu likhale limodzi, la foni ya usiku ndi tulo. Kufananiza manambala awiriwo kukhale kafunso kakang'ono pansi pake. Supervisor akaona kuti zachuluka, adzadula yekha.

Nthambi_3
Ndalembanso motere: pali ubale wotani pakati pa nthawi imene ophunzira a chaka choyamba amakhala pa foni usiku ndi mmene amagonera? Ndikufuna ndidzaze kaye mizere khumi ya tebulo, kenako ndilembe tsamba limodzi motsatira masitepe atatu a Swales. Alipo amene angandiwerengere ndisanapite nalo kwa mphunzitsi?

Fulu_Wodekha
Liikeni pompano mukamaliza, ndiwerenga. Koma mufotokozemo kuti "usiku" ukuyamba nthawi yanji, chifukwa ndi chinthu choyamba chimene ndidzakufunseni.